Sindinu Gwero

"Sikelo yanuyo kolekani pamsomali uwo, bambo, sugwa," anatero Wachisamba, uku akukankha mtolo wa nyuzipepala ndi phazi.

Wogula mapepala anakoleka sikelo yake n'kusuzumira m'chipindamo, malovu ali pafupi kudontha. Mitolo inali yofika kudenga, yomangidwa ndi zingwe, uliwonse uli ndi kachikatoni kolembapo chaka. Pakati panali kanjira kongokwana munthu mmodzi woonda, kopita patebulo pomwe panali kompyuta yakale ndi magalasi a malemu.

Mzime, mlongo wake wa Wachisamba, anaima pakhomo la chipindacho n'kutambasula manja. Anali asanavule n'komwe yunifolomu yake ya unamwino.

"Achimwene, maluwa a pamanda sanafote, inu mwayamba kale kugulitsa?"

"Maluwa akafota makoswe asamuka okha? Chipinda ichi chikufuna munthu wa lendi. Amayi azidya chiyani, mitu ya nkhani?"

Onse awiri anatembenukira kwa mayi awo. Atelala, monga ankadziwika mumsewu wonsewo, anali atakhala pamakina awo osokera pabalaza, phazi lili pachopondera koma osaponda. Sanayang'ane mwana aliyense. Maso awo anali pa sikelo ija ikugwedezeka pamsomali, ndipo tisanamizane, mumtima mwawo ankaikonda.

Malemu amuna awo anthu ankawatchula kuti a Zalembedwapati, ndipo dzinalo analigula okha ndi pakamwa pawo. Ukawauza kuti shuga wakwera mtengo, funso linali lomwelo: "Zalembedwa pati?" Ana ankaseka kuti mvula ikayamba, bambo adikira nyuzipepala ya mawa kuti atenge ambulera. Moyo wawo wonse anagwira ntchito kosindikiza mabuku, kusaka zilembo zolakwika. Atapuma pantchito, abale anayesa kuti munthu apumadi. Ayi ndithu. Anapeza insaikulopediya ya pa intaneti, chibuku chachikulu chija chimene aliyense amatha kulembamo, ndipo ataona kuti za dziko lawo zinalimo zochepa, zinanso zopotoka, anavula jekete n'kupinda malaya.

Analemba za milatho, za njanji, za masukulu, za oimba amene anafa kalekale, popanda wowapatsa ngakhale ya sopo. Lamulo la kumeneko linawakwana ngati anachita kuwayeza: chilichonse chimene walemba uonetse gwero lake, buku kapena nyuzipepala imene inasindikiza zimenezo. Zoona ndi maso ako sizilowa, amati n'za m'maluwa. Ndiye magwero awo anali amenewo, mitolo yofika kudenga, yotoledwa m'maofesi amene ankataya zakale ndi m'nyumba za anthu omwalira.

Atelala akanakhululuka zonsezo, fumbi, makoswe, chakudya chozizira patebulo munthu ali kalikiliki ndi mlatho umene unagwa iye asanabadwe. Chimene sanakhululuke ndi tsamba limodzi.

Wachisamba ali woyamwa, Atelala ankasoka pafakitale ya zovala pamodzi ndi mng'ono wawo. Akapitawo ankakhoma zitseko ndi unyolo chakunja, ati atsikana angabe ulusi. Tsiku lina masana moto unabuka m'chipinda chosungiramo nsalu. Atelala anatulukira pakawindo ka kuchimbudzi. Mng'ono wawo sanatuluke, ndipo sanali yekha. Mabanja anauzidwa kuti aike maliro msanga ndi kusunga pakamwa. Masiku amenewo nyuzipepala inali imodzi yokha, ndipo m'mawa mwake inalemba kuti moto wawononga katundu wambiri koma palibe amene wamwalira.

Patapita zaka zambirimbiri, a Zalembedwapati analemba tsamba la fakitale ija. Bodza lija linalowamo, gwero lake lili pansi mwaudongo, tsiku ndi nambala ya tsamba. Atelala anaima kumbuyo kwa mpando wawo, akuwerenga pagalasi la kompyuta.

"Bambo a ana, bokosi lija si munanyamula nawo?"

"Ndinanyamula."

"Nanga izi?"

"Ndilibe pomwe zinalembedwa."

"Ine ndinalimo m'motomo. Lembani kuti ndanena ndine."

Amuna awo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuyankha mofatsa ngati akuuza mwana kuti golosale yatsekedwa.

"Inu sindinu gwero, mayi."

Mawu amenewo anakhala m'nyumbamo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Ankadya nawo, ankagona nawo. Ndipo munthu wopulumuka pamoto wa nsalu amuna ake anamugoneka zaka zonsezo khoma limodzi ndi chipinda chodzaza mapepala ouma. Ena amati ukwati ndi kupirira. Amene amanena zimenezo sanakwatiwepo ndi munthu wokonda malamulo.

"Amayi, tiyeze?" anafunsa Wachisamba.

Asanayankhe, panja panamveka odi. Analowa mayi wachitsikana wa chikwama chakuda, wefuwefu, thukuta lili pamphumi. Atelala anamukumbukira. Anali mphunzitsi wa sekondale amene ankatsogolera kagulu ka anzawo a malemu olemba pa intaneti, ndipo kumaliro analira kuposa abale ena. Anapereka moni mwaulemu, koma ataona sikelo nkhope inagwa.

"Amayi, pepani ndithu. Ndikanadikira masiku apiteko, koma ndatsinidwa khutu kuti mapepala akupita."

Mzime anayang'ana pansi, ndipo aliyense anadziwa wotsina khutuyo.

"Zimene zili m'chipindamo kwina kulikonse kulibe," anapitiriza mphunzitsiyo. "Ku laibulale yaikulu zina zinadyedwa ndi chiswe, zina zinanyowa ndi mvula. Masamba ambiri amene bambo analemba atsamira pa mitolo imeneyi. Wina wakunja akakayikira n'kufunsa umboni, timabwera kuno, timajambula nyuzipepalayo n'kumuonetsa. Izi zikapita, ntchito yawo iyamba kugumuka pang'onopang'ono. Tipatseni tikasunge, tizijambule zonse."

"Mugula?" anafunsa Wachisamba.

"Ife ndi ongodzipereka, achimwene. Tilibe thumba."

"Ndiye kudziperekako mukachitire kwanu. Kuno tinadzipereka kale, onani denga likudontha."

Atelala anakweza dzanja, ndipo mwana wawo anameza zotsalazo.

"Khalani pansi, aphunzitsi. Foni muli nayo? Tsegulani tsamba la fakitale ya zovala. Muwerenge pa za moto, mokweza, ana anga amve."

Mphunzitsi anakhala m'mphepete mwa mpando. Anafufuza, n'kuwerenga ndi mawu otsika: "Nyuzipepala yokhayo ya nthawi imeneyo inalemba kuti palibe amene anamwalira."

"Fufutani. Mulembe kuti anafa anthu, ndipo mmodzi anali mng'ono wanga. Dzina ndikupatsani lonse, ndi la bambo ake lomwe. Mukalemba, mapepalawa tengani onse. Zingwe ndikupatsani zaulere."

Mphunzitsi anatembenuza foni m'manja kawirikawiri.

"Amayi, kulemba ndikhoza kulemba pompano. Koma dzuwa lisanalowe wina achotsa. Popanda gwero sizikhala."

"Akunena zoona," anatero Mzime ali chiimire pakhomo paja. "Ine ndinayesapo."

Atelala anatembenuka.

"Chaka chatha, ndili kuntchito, nthawi yopuma. Ndinalembapo dzina la amayi aang'ono pafoni yanga. Ndisanamalize tiyi linali litachotsedwa. Ndiye ndinayang'ana amene wachotsa."

"Ndani?"

"Bambo."

"Anadziwa kuti ndiwe?"

"Akanalephera bwanji? Dzina limenelo akulidziwa ndani kunja kwa nyumba ino? Madzulo ake anangondifunsa ngati ndadya."

Wachisamba anaseka kuseka kopanda mano. "Ndiye ndi amenewo ukutchingira mapepala awo ndi manja ako awiri."

"Amayi, mundilole ndinene chimodzi," anatero mphunzitsi. "Mawu oyambawo, akuti 'nyuzipepala yokhayo ya nthawi imeneyo inalemba kuti,' ndi a bambo. Ena ankafuna palembedwe chabe kuti palibe anafa, basi. Bambo anakangana nawo zaka. Akachotsa, iwo n'kubwezera, akachotsa, n'kubwezera, mpaka anatsala pang'ono kuletsedwa kulemba. Munthu wowerenga mwanzeru amamva kuti apa pali china."

"Mwanzeru," anabwereza Atelala. "Mng'ono wanga anapsa mpaka tinamuzindikira ndi ndolo, ndiye mphatso yake ndi timawu toti anzeru okha amve?"

Anaimirira, n'kuyamba kumasula mabatani a bulauzi.

"Amayi!" anakuwa Wachisamba.

Wogula mapepala, amene anali ataiwalika, anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuwerenga kalendala ya chaka chatha.

Atelala anapatsa mphunzitsiyo msana n'kutsitsa bulauzi. Ana awo ankadziwa kuti chipsera chilipo, poti nsonga yake inkaonekera pakhosi, koma sanachionepo chonse. Chinayambira m'mapewa mpaka m'chiuno, khungu lokwinyika ndi lonyezimira ngati beseni la pulasitiki limene lasungunukira pambaula.

"Werengani apa, aphunzitsi. Izi zinasindikizidwa tsiku lomwelo, nyuzipepala yanuyo isanatuluke. Nambala ya tsamba ndi imene palibe."

Mzime anabwera n'kukweza bulauzi ya mayi ake pang'onopang'ono. Mphunzitsi ankapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Njira ilipo imodzi," anatero pomaliza. "Mtolankhani kapena wolemba mbiri atabwera, n'kukufunsani, n'kusindikiza, pamenepo zikhoza kulowa, ndipo palibe angachotse. Bambo anayesa kuitana angapo."

"Anabwera?"

"Ayi. Ena anati ndi nkhani yakale, sigulitsa. Ena anati eni fakitale anafa koma ana awo alipo. Koma ine ndili ndi mnzanga mtolankhani, tinaphunzira limodzi. Ndiyesa, amayi. Ndikulonjeza."

Atelala anamanga batani lomaliza.

"Mwezi uno usanathe. Abwere, akhale pampando mwakhalapo, alembe. Tsiku limene zidzatuluke mudzabwere ndi galimoto. Akapanda kubwera, magwero anuwa mukawapeza kumsika atakulunga tomato."

Wachisamba anang'ung'udza kuti mwezi wa lendi wapita m'madzi, koma mawu a mayi ake anali atatha. Wogula mapepala anatsitsa sikelo yake mosadandaula.

"Mapepala sathawa, mayi," anatero. "Ine ndimakhala pafupi."

Atelala anadziuza kuti sakuyembekezera kanthu. Munthu wamkulu ngati iwo, wodziwa dziko, angadikire mtolankhani? Koma m'mawa mwake anachapa makatani a pabalaza. Tsiku linalo anakokera makina pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu, ati kumeneko n'kowala. Akamasoka, milomo inkagwedezeka yokha. Ankakonza mmene adzayambire: ayambe ndi unyolo, kapena ayambe ndi m'mawa muja mng'ono wawo anabwereka mpango wawo osapempha n'kukangana njira yonse? Mayina a atsikana ena aja anayamba kubwerera limodzilimodzi, wa mzere wa makolala, wa mzere wa matumba, wina woyembekezera amene ankasokera pafupi ndi chitseko. Anali asanawatchule mokweza chichitikireni ngoziyo, ndipo anadabwa kuti onse analipobe m'mutu mwawo, atakhala pamakina awo.

Galimoto ikaima pamsewu, phazi linkaima pachopondera. Inkakhala ya oyandikana nawo.

Mphunzitsi ankaimba foni. Poyamba anati mnzake wavomera, abwera sabata ya mawa. Kenako anati mnzakeyo watumidwa kwina. Kenako anati akudikira mkonzi wamkulu. Kenako foni inaleka kulira, ndipo Atelala anasiya kufunsa Mzime ngati pabwera uthenga. Zimapweteka kudikira chinthu chimene unalumbira kuti sukuchidikira.

Mwezi ukutha, mphunzitsi anabwera yekha. Wachisamba anali atafika kale, ati akungodutsa, ndipo Mzime anali atapempha tchuthi. Mlendoyo sanafune n'kukhala pansi komwe.

"Amayi, ndalephera."

"Wadwala mnzanuyo?"

"Ayi. Iye amafuna. Koma mkonzi wake wakana. Akuti nkhani yaikulu chonchi sangaisindikize pa mawu a munthu mmodzi, angawasumire. Akuti tibweretse pomwe zinalembedwa kale. Akufuna gwero."

Atelala anaseka. Anaseka mpaka anagwira m'nthiti, mpaka misozi inatuluka, ndipo ana awo anachita mantha chifukwa kuseka kumeneko sanakumvepo.

"Ndiye chibuku chanu chikudikira nyuzipepala, nyuzipepala ikudikira chibuku. Ine ndaima pakati ndi msana wanga." Anapukuta misozi ndi kansalu kotsala posoka. "Iwe Wachisamba, kaitane munthu wa sikelo uja."

"Amayi, chonde," anatero mphunzitsi, manja atawagwira pamodzi. "Mitolo iyi ilibe mlandu. Muli masukulu, muli zipatala, muli anthu ena amene mayina awo ali umu mokha. Mukagulitsa, mukhala mwawafufuta iwonso."

"Iwo analembedwapo kamodzi, aphunzitsi. Anamva kukoma kwake."

"Ndipatseniko ya zaka zoyambirira zokha."

"Ndinapempha mzere umodzi. Munandipatsa?"

"Amayi," anatero Mzime, "ndi moyo wonse wa bambo umenewu."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Ntchitoyo inatenga masana onse. Wachisamba ankatulutsa mitolo, wogula ankakoleka, ankayang'ana singano ya sikelo n'kuponyera m'ngolo. Zaka zinkatuluka pakhomo chimodzichimodzi, chaka cha mlatho, chaka cha njanji, chaka chimene Mzime anabadwa. Chingwe cha mtolo wina chinaduka, masamba achikasu anamwazika pabwalo, ndipo mphepo inatengera ena mumngalande. Mphunzitsi anagwada pafumbi n'kumajambula ndi foni yake tsamba lililonse limene akanatha, mothamanga, mpaka batire inatha. Palibe anamuletsa. Kenako anaimirira, n'kusasa siketi, n'kutsanzika mwaulemu womwe uja analowera tsiku loyamba. Mzime anadzitsekera kukhitchini.

Ngolo itapita, Atelala anatenga tsache n'kulowa m'chipindamo. Chinali chachikulu kuposa mmene ankachikumbukirira. Pakhoma panatsala mizere yakuda pomwe mitolo inatsamira, ndipo akatsokomola mawu ankabwerera. Anasesa fumbi, zitosi za makoswe ndi tizidutswa ta zingwe. Ankayembekezera kuti mtima upepuka, kuti agona ngati munthu amene wabwezera. Sunapepuke. Mng'ono wawo anali wosalembedwabe, ndipo tsopano anali ndi anzake ambiri. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene anakankha ndowa anali iwo eni.

Wachisamba anayeza chipindacho ndi mapazi, n'kunena za penti ndi loko watsopano. Kenako anatsanzika.

Dzuwa likulowa, Atelala analowa kuchipinda kwawo n'kukhala pabedi. Fumbi ndi thukuta zinali zitawadzutsira msana. Unkayabwa, unkakoka ngati chovala chothina. Anavula bulauzi, anatsegula botolo la mafuta odzola, n'kupinda mkono kumbuyo. Zala zinafika paphewa n'kuthera pomwepo. Anayesa chapansi, zinafika m'chiuno. Pakati ponse panatsala pouma.

Mzime anakankha chitseko atanyamula kapu ya tiyi, maso ali otupa. Anabwera kuti aike kapuyo n'kutuluka osalankhula, koma unamwino unamupambana mkwiyo. Anayatsa getsi n'kuwerama.

"Amayi, khungu ili lang'ambika. Taonani, apa pakutuluka magazi. Chipsera chotere chimafuna mafuta tsiku lililonse, osadumphitsa." Anayang'ana mkono wa mayi ake, n'kuyang'ananso pakati pa msanapo. "Koma inu simungafikepo apa. Ankakudzolani ndani?"

Atelala anayang'ana botolo lija.

"Bambo ako."

"Kuyambira liti?"

"Chitulukireni m'chipatala. Anasiya tsiku limene iyeyo anamugoneka m'chipatala."

"Tsiku lililonse?"

"Ngakhale masiku amene sitinkalankhulana. Ankabwera, ankadzola, ankatseka botolo, n'kubwerera kumapepala ake. Munthu wouma mtima uja."

Mzime anaika kapu pansi. Anatapa mafuta ndi zala n'kuwapaka pamsana pa mayi ake. Atelala anadzidzimuka.

"Osati choncho, iwe, akuzizira. Uyambe wawatenthetsa m'manja."

Mzime anapukusa zikhatho zake pamodzi mpaka mafuta anasungunuka.

"Ndiyambire pati?"

"Pansi pa phewa lamanzere. Ndi pamene pamawawa kwambiri. Iye ankayambira pamenepo."

"Munachita kuwauza?"

Atelala anaweramitsa mutu, n'kukokera tsitsi lawo kutsogolo kuti lisagwe m'mafuta.

"Sindinamuuzepo," anatero.